Opaleshoni ya mwana amene ali ndi cerebral palsy: banja likonzekere bwanji?

"Akapangidwa opaleshoni ayenda?" Adokotala akangotchula za opaleshoni pa mwana amene ali ndi cerebral palsy, funso loyamba la makolo ambiri limakhala limeneli. Ena safunsa n'komwe. Amabwerera kumudzi chimwemwe chitadzaza tsaya, kukauza abale kuti mwana wapeza thandizo, achira. Enanso akangomva zoti fiyeta, kuchipatalako sapondakonso, poopa kuti mwana wofooka kale akagonetsedwa sadzukanso. Onsewa chimene chawasowa n'chimodzi: palibe anawakhazika pansi kuwafotokozera chimene opaleshoniyo imakonza, chimene singakonze, ndi ntchito imene imawatsalira iwo eni mwana akatuluka m'chipatala.

Vuto lili mu ubongo, koma limaonekera m'miyendo

Cerebral palsy ndi kulumala kumene kumabwera ubongo wa mwana ukavulala kapena ukapanda kukula bwino ali m'mimba, pobadwa, kapena m'zaka zoyambirira za moyo wake. Kuno kwathu zoyambitsa zake n'zodziwika: kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu cha khanda chimene sichinathandizidwe msanga, matenda oumitsa khosi, ndi malungo ofika ku ubongo. Padziko lonse, mwa ana 1,000 alionse obadwa, awiri kapena atatu amakhala ndi vutoli. Silipatsirana, ndipo si chilango cha zimene mayi kapena bambo anachita.

Bala la mu ubongolo silikula, limangokhala momwemo. Koma ubongo ndi umene umalamula minofu kuti ikungike kapena imasuke. Ukavulala, lamulo limafika losokonekera, ndipo mwa ana ambiri minofu imangokhala chikungikire. Tsono mwana uja akukula. Taganizani kamtengo kamene mwakamangirira chingwe, chingwecho n'kuchikhomera pansi. Mtengo ukutalika chaka ndi chaka, chingwe sichikutalika, mapeto ake mtengo umapindikira kumene chingwe chikukokera. Mafupa a mwana amatalika, minofu yokungika ija siitsatira. N'chifukwa chake mwana amene pa zaka 3 ankaponda phazi lonse, pofika zaka 8 mumamuona akunyang'ama, chidendene osagunda pansi, mawondo osawongoka, miyendo yopingasana moti kumusambitsa kapena kumuveka thewera kumakhala nkhondo. Makolo amaganiza kuti matenda akukula, pomwe chikukula ndi mwanayo.

Nyonga ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa imaguluka mwakachetechete. Mutu wa fupa la ntchafu umatuluka m'malo mwake pang'onopang'ono, kwa zaka, kufikira ululu utayamba kapena mwana atalephera kukhala tsonga. Zimachitika kwa mwana mmodzi mwa atatu alionse amene ali ndi cerebral palsy, ndipo ana osayenda ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Madokotala akamafuna kujambula nyonga mobwerezabwereza ngakhale mwana sakudandaula, chifukwa chake n'chimenechi.

Opaleshoni zimene tikukamba pano zimamasula chingwe chija kapena kuwongola mtengo. Ubongo siziukhudza. Mwana amatuluka ku fiyeta cerebral palsy akadali nayo.

Amachita chiyani kwenikweni ku fiyetako?

Yofala kwambiri ndi yotalikitsa mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa: wa kuseri kwa chidendene, ya kuseri kwa bondo, ndi ya m'mphechepeche imene imapingasa miyendo. Dokotala amaucheka mwaluso kuti utambasuke, kenako mwendo amauika m'chikhakha kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti upolere pamenepo.

Yaikulu ndi ya mafupa. Fupa la ntchafu amalidula, kulitembenuza kuti mutu wake ulowe bwino m'nyonga, n'kuligwiriziza ndi kachitsulo ndi masikuluwu. Imeneyi imatenga maola angapo, magazi amatayika ambiri, ndipo fupa limafuna masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo lisanayambe kusenza thupi. Masiku ano madokotala amakonda kukonza malo angapo tsiku limodzi, chiuno, bondo ndi phazi pamodzi, kuti mwana asamagonekedwe chaka chilichonse. Zoterezi kawirikawiri amadikira mwana afike zaka 6 kupita m'tsogolo, chifukwa mtsempha wotalikitsidwa mwana akadali wamng'ono kwambiri umafupikanso iye akamakula. Nyonga yokha ikamaguluka sadikira zaka. Palinso opaleshoni zina, monga yowongola msana wopindika ndi yoika kapaipi kodyetsera pamimba mwa mwana amene amatsamwa nthawi zonse, koma zambiri zokonzekera n'zofanana.

Ku Malawi, khomo loyamba ndi chipatala cha boma cha m'boma lanu, kumene kuli ma clinical officer a mafupa amene amaona mwana n'kumutumiza kwa akatswiri. Ku Blantyre kuli Beit CURE, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimapanga ana opaleshoni za mafupa mwaulere, komanso Queen Elizabeth Central Hospital. Ku Lilongwe kuli Kamuzu Central Hospital ndi chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chimene chili pamalo omwewo.

Si mwana aliyense amene amafunika mpeni. Mafizo, tizida tovala kumapazi togwira phazi mowongoka, chikhakha chosinthasintha chotambasula mtsempha pang'onopang'ono, ndi mankhwala ofewetsa minofu monga baclofen, zonsezi zimathandiza, ndipo kwa ana ena n'zokwanira. Kudikira nakonso ndi chisankho. Chofunika n'kudziwa chimene chingachitike mukadikira.

Gwirizanani cholinga musanasaine

Akatswiri amaika ana a cerebral palsy m'magulu asanu, kuyambira amene amayenda okha popanda chothandizira mpaka amene satha ngakhale kudzutsa mutu. Opaleshoni kawirikawiri siichotsa mwana m'gulu lina kumuika m'lina. Imamuthandiza kuchita bwino m'gulu lake lomwelo, kapena kumuteteza kuti zimene amatha kale zisamutayike. Woyenda monyang'ama angayambe kuponda phazi lonse, osagwaigwa. Woyenda ndi ndodo angafike kusukulu osatoperatu. Koma kwa mwana amene sanakhalepo tsonga payekha, cholinga si kuyenda. Cholinga n'choti akhale pampando popanda ululu, agone tulo usiku, miyendo itseguke kuti asambitsidwe bwino. Zimenezi si zazing'ono, ndipo mayi amene wakhala zaka akudzuka pakati pa usiku chifukwa mwana akulira ndi nyonga akudziwa kulemera kwake.

Choncho musachite manyazi pamaso pa adokotala. Afunseni kuti, "Adokotala, pakatha chaka mwanayu azidzatha chiyani chimene sakutha lero?" Funsaninso chimene chingachitike mukapanda kupanga, masiku amene mudzakhale m'wodi, mtundu wa chikhakha ndi pamene chidzachotsedwe, kumene mafizo muzidzachitira, ndi zovuta zimene zingabuke. Zovutazo zilipo: bala kutukusira, chibayo, zilonda za m'chikhakha, fupa kuchedwa kugwirana, vuto kubwereranso. Mtsempha wa chidendene ukatalikitsidwa mopitirira, mwana amayamba kuyenda chonyonyomala, ndipo kukonzanso zimenezo n'kovuta. Dokotala wabwino sakhumudwa ndi mafunso otere. Ngati akulankhula Chingerezi, pemphani anesi amasulire, ndipo mayankhowo alembedwe m'kabuku ka kuchipatala kuti abambo kapena agogo amene atsala kunyumba akamve zomwezo.

Thupi la mwana likhale lokonzeka

Ana ambiri a cerebral palsy ndi onyentchera, osati chifukwa chosasamalidwa, koma chifukwa kutafuna ndi kumeza zimawavuta, ndipo minofu yokungika imadya mphamvu zambiri. Thupi lonyentchera silipoletsa bala msanga. Ndiye opaleshoni ikakonzedwa kuti ichitike patapita miyezi iwiri kapena itatu, miyezi imeneyo ndi yonenepetsa mwana: phala lothira nsinjiro, dzira, mafuta pang'ono kapena mkaka, usipa wosinja, nyemba zopota, mapeyala, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, mwana atakhala chowongoka. Ngati sikelo yatsika kwambiri, achipatala angapereke chiponde ndi kusuntha deti. Musakhumudwe akatero.

Adzamuyeza magazi, ndipo kawirikawiri malungonso. Mwana agone m'neti masiku onsewa. Akayamba chifuwa, chimfine kapena kutentha thupi deti itayandikira, nenani, chifukwa mankhwala ogonetsa ndi chifuwa siziyenderana. Dokotala wogonetsa ayeneranso kudziwa ngati mwana amatsamwa pakudya, amabweza chakudya, amatuluka dovu lambiri, amaliza mkonono kapena anadwalapo chibayo.

Za khunyu ndiye zofunika kuzigwira ndi manja awiri. Mwana mmodzi mwa anayi alionse a cerebral palsy amakomoka, ndipo ambiri amamwa phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate. Mankhwalawa sasiyidwa chifukwa cha opaleshoni. Nthawi zambiri amamwa ngakhale m'mawa wa tsikulo ndi timadzi tochepa, malinga ndi mmene wogonetsa wanenera. Baclofen nayenso sasiyidwa mwadzidzidzi. Tengani mankhwala onse m'mapaketi ake, okwanira masiku onse a m'chipatala. Ndipo ngati mwana akumwa mankhwala azitsamba, ululani. Sakufunsani kuti akudzudzuleni. Zitsamba zina zimasokoneza kuundana kwa magazi ndi mphamvu ya mankhwala ogonetsa.

Mwiniwakeyo wauzidwa?

Apa ndi pamene timalakwira ana kwambiri. Timakambirana za thupi lake iye ali pomwepo ngati sakumva. Ana ambiri a cerebral palsy nzeru zawo zili bwinobwino, ndipo ngakhale amene salankhula ambiri amamva zonse zikunenedwa. Kumunamiza kuti "tikupita kukaona azakhali" kenako n'kudzidzimukira m'chikhakha ndi ululu kumamupangitsa kuti asadzakukhulupirireninso, ndipo mudzamufuna kwambiri kuti akukhulupirireni pa nthawi ya mafizo.

Muuzeni zoona, m'mawu a msinkhu wake. Wamng'ono muuzeni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, wamkulu kutatsala sabata kapena kuposerapo kuti afunse mafunso ake. "Adokotala akakonza mwendo wako. Akakupatsa mankhwala, ukagona, sukamva kanthu. Ukadzuka ukapeza mwendo uli m'chikhakha, ukamva kupweteka koma akakupatsa mankhwala, ndipo ine ndikakhala pomwepo." Wachinyamata afunsidwe maganizo ake pa cholinga cha opaleshoniyo, poti thupi ndi lake. Mutengereni chitenje chimene anachizolowera, chidole chake, ngakhale kapu ndi supuni zimene amadyera, chifukwa ana ena sadya ndi chiwiya chachilendo.

Katunduyu asagwere munthu mmodzi

Kusaina kapena kudinda chala pa fomu yovomereza ndi udindo wa kholo kapena womulera mwana. Koma tonse tikudziwa kuti pakhomo nkhani yaikulu chotere siithera pa anthu awiri. Pali agogo, pali atsibweni amene ndi mwini mbumba, pali achibale a kuchimuna. Auzeni msanga, ndipo auzeni cholinga chenicheni chija. Mayi akasaina yekha abale akuyembekezera kuti mwana abwera akuthamanga, tsiku limene abwere ali m'chikhakha, wofooka kuposa kale, mlandu wonse udzagwera mayiyo. Mabanja ena amasokonekera pa zinthu ngati zimenezi. Ngati n'kotheka abambo apite nawo kukaonana ndi adokotala, amve ndi makutu awo.

Kenako khalani pansi muwerengere. Gadiyani akhala ndani, ndipo akatopa amulandira ndani? Gadiyani woyenera ndi amene amamudziwa mwana, amene amasiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwa ululu. Ana otsala aphikiridwa ndi ndani? Kawirikawiri mtsikana wamkulu ndiye amajombetsedwa kusukulu kuti asamale anzake, ndipo zimenezi zingapeweke abale atagawana masiku. Geni ya mayi iima kwa masabata angati? Ngakhale opaleshoni ikhale yaulere, thiransipoti yopita ndi kubwerera kangapo, chakudya cha gadiyani, sopo ndi matewera zimafuna ndalama. Mipingo ndi magulu a banki m'khonde amathandiza akauzidwa nthawi ilipo.

Nyengonso iganizireni. Ngati opaleshoni si yachangu, auzeni adokotala za dzinja: nthawi yobzala ndi kupalira manja onse amafunika kumunda, misewu ya kumudzi imaduka, ndipo chikhakha sichifuna madzi. Mabanja ena zimawayendera bwino akakolola, ena amasankha holide ya sukulu.

Chimene ambiri amachizindikira mochedwa ndi ulendo wobwerera. Mwana amene wakhala akuberekedwa kumbuyo moyo wake wonse, akaikidwa chikhakha chochokera pachifuwa kufika kumiyendo saberekeka, sakhala pa kabaza, ndipo m'minibasi amafuna mpando wonse kuti agone. Funsiranitu mtundu wa chikhakha kuti mukonze galimoto, matiresi kapena mabulangete oyala pa mphasa, mapilo, ndi kabeseni kodzithandizira poti kuchimbudzi sangafike.

Usiku womaliza ndi m'mawa wake

Adzakuuzani nthawi yosiyira kudya. Lamulo lofala ndi lakuti chakudya, phala ndi mkaka wa m'chitini zisiyidwe kutatsala maola 6, bere maola 4, madzi oyera maola 2, koma tsatirani zimene anesi anena. Kumeneku n'kovuta. Mwana akulira ndi njala m'bandakucha, gadiyani mnzanu akukunong'onezani kuti timasupuni tiwiri ta phala sitingalakwitse kanthu. Tingalakwitse. Munthu akagonetsedwa, zam'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo ana amene amatsamwa kale ngoziyi imawakulira. Ngati wadya, nenani zoona. Bola kusuntha opaleshoni.

Za mantha oti sadzuka: mankhwala ogonetsa ali ndi chiopsezo chake, ndipo ndi chokulirapo kwa mwana wonyentchera kapena wa chifuwa. N'chifukwa chake pali kuyeza konse kuja. Pa nthawi yonse ya opaleshoni pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kuyang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima wa mwana basi.

Akatuluka ku fiyeta

Masiku awiri kapena atatu oyamba ndiwo owawitsa. Kuwonjezera pa ululu wa bala, minofu imadzikoka mwadzidzidzi m'chikhakhamo, mwana n'kukuwa. Pali mankhwala ake: panado, bulufeni, morphine pa ululu waukulu, ndi diazepam woletsa kudzikokako. Ngati mwana salankhula, pakamwa pake ndi inuyo. Auzeni anesi kuti "uyu akaluma mano chonchi ndiye kuti akumva kupweteka", musadikire kuti aone okha. Kudzimbidwa nakonso kumavutitsa, choncho madzi, papaya ndi masamba zisasowe akangololedwa kudya.

Chikhakha chiyang'aneni tsiku ndi tsiku. Finyani chikhadabo cha chala cha kuphazi: chiyere, ndipo mukasiya chifiirenso m'masekondi awiri. Zala zikatupa, zikazizira, zikada kapena kutuwa, chikhakha chikayamba kununkha kapena kuchucha, thupi likatentha, kapena mwana akamalira osatonthola ngakhale wamwa mankhwala, thamangirani kuchipatala ngakhale usiku. Musalowetsemo kamtengo pokanda, musathiremo paudala. Mutembenuzeni pakapita maola awiri kapena atatu alionse, ndipo muike pilo pansi pa katumba kuti chidendene chilendewere, chifukwa zilonda zimayambira pa chidendene ndi m'munsi mwa msana pamene fupa lili pafupi ndi khungu. Pa chikhakha cha m'chiuno, thewera lilowetsedwe m'kati mwa m'mphepete mwa chiboo chimene amasiya pa malo odzithandizira kuti mkodzo usanyowetse, ndipo mutu ukhale chokwera pang'ono. Pomunyamula mukhale awiri, ndipo kamtengo kamene kamakhala pakati pa miyendo si chogwirira.

Miyezi ya mafizo

Tsiku lochotsa chikhakha makolo ambiri amagwa mphwayi. Mwendo umatuluka wowonda, khungu likusupuka, mwana akuopa kuukhudza, ndipo amene ankayenda amalephera ngakhale kuimirira. Si kuti opaleshoni yalephereka. Minofu yakhala osagwira ntchito, komanso mwana ayenera kuphunziranso kugwiritsa ntchito miyendo imene tsopano yaima mwina. Pa opaleshoni yaing'ono mphamvu zimabwerera m'miyezi yochepa. Pa yaikulu ya malo angapo zimatenga pafupifupi chaka, ndipo phindu lake lenileni nthawi zina limaoneka m'chaka chachiwiri.

Wamafizo mumakumana naye mwa apo ndi apo, koma mafizo enieni amachitikira pakhonde, tsiku lililonse. Pemphani akuonetseni ndi manja anu, mubwereze iye akuona, ndipo aphunzire anthu awiri kapena atatu a pakhomo, osati amayi okha. Abale ake a mwanayo akalowetsedwamo ngati masewera, iye amalimbikira kuposa mmene angachitire ndi akuluakulu. Tizida ta kumapazi tivalidwe monga mwauzidwira, ndipo tikayamba kuthina kapena kusiya zipsera zofiira zosatha, tikasinthidwe. Malo opangira zidazi alipo ku Queens, ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu Central. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities limathandiza pa mafizo ndi zida zoyendera, ndipo makolo a ana olumala ali ndi bungwe lawo la PODCAM, kumene mungapeze anzanu amene anadutsamo kale. Aphunzitsi auzidwenso, kuti mwana azitumiziridwa ntchito ndipo malo ake asatayike.

Kachitsulo ka m'fupa madokotala ena amadzakachotsa fupa likagwirana bwino, ndiye kuti mwana adzagonekedwanso m'chipatala kwa nthawi yochepa. Ndipo poti mwana akadakulabe, madeti okaonedwanso amapitirira mpaka atasiya kukula, makamaka m'zaka zotha msinkhu pamene mafupa amatalika mofulumira. Mukaona chidendene chayambanso kunyamuka, miyendo ikuvutanso kutsegula, mwendo wina ukuoneka waufupi, kapena msana wayamba kupendekera mbali imodzi, pitani naye ngakhale deti isanakwane.